Mukamuzonde, Ndipo Mubwererekonso

Ana anga, kuzonda odwala ife timakudziwa. Munthu akagwa ndi malungo, akathyoka mwendo pa ngozi ya njinga, kapena akachitidwa opaleshoni, pakhomo pake anthu sasiya kupondapo. Amayi a Mvano ndi a Chigwirizano amafika ndi kaufa m'mbale, a mphakati amadzapemphera, anzake a mpira amasonkherana ya sopo ndi shuga. Koma taonani pakhomo pamene pabwerera munthu amene anagonekedwa chifukwa cha matenda a maganizo. Pamangoti zii. Anthu amapereka moni ali kumsewu, miyendo ikuyendabe, ndipo akakumana pa mjigo ndi pamene amafunsana monong'ona kuti, "Akuti wabwerako? Mutu uli bwino koma?" Mwini wakeyo palibe womufunsa.

Ndasankha kulankhula ndi inu, osati makolo anu, chifukwa matenda amenewa amakonda msinkhu wanu. Aja aakulu, oti munthu amamva mawu amene ena sakuwamva kapena kukhulupirira kuti pali anthu akumusaka, kawirikawiri amayamba munthu ali m'zaka zomaliza za kusekondale mpaka cha m'ma 30. Ndiye kuti amene wakhala yekhayekha pakhonde paja si mlendo. Munkakhala naye desiki imodzi, munkaimba naye kwaya, mwina ndiye ankakugwirirani pagolo. Makolo ake angamudyetse ndi kumuchapira, koma sangakhale anzake. Malo amenewo ndi anu, ndipo pakadali pano alibe munthu.

Mantha athu ali ndi kumene anachokera. Nthawi ya atsamunda, kuyambira mu 1910, odwala matendawa ankasungidwa m'chigawo china cha ndende ya ku Zomba, ndipo chipatala chenicheni chinadzatsegulidwa mu 1953. M'zaka zimenezo mankhwala othandiza kunalibe, choncho wopita kumeneko nthawi zambiri ankakhalitsa. Agogo athu anaona zimenezo n'kutisiyira maganizo akuti munthu akangodwala mutu, zake zathera pomwepo. Koma zinthu zinasintha kalekale. Ku Zomba Mental Hospital, ku St John of God ku Mzuzu kumene ntchitoyi inayamba mu 1993, ndi ku nthambi yawo ya ku Lilongwe, anthu amalandira chithandizo n'kubwerera kwawo, ambiri pakangotha masabata angapo. M'zipatala za m'maboma mulinso anamwino amene anaphunzira za matendawa. Mankhwala anafika, mantha okha ndi amene anatsala m'midzi ndi m'matauni mwathu.

Tsono werengani nokha. Wotuluka m'chipatala amaonana ndi namwino mwina kamodzi pa mwezi, kwa mphindi zochepa, chifukwa mzere umakhala wautali ndipo ogwira ntchito ndi ochepa. Amulembera m'buku lake la kuchipatala, amupatsa mapiritsi kapena jakisoni wa pamwezi, basi. Masiku ena onse a mweziwo ali m'manja mwa ife. Mankhwala amatha kuletsa mawu aja m'makutu ndi kubwezeretsa tulo, koma sangamubwezere makasitomala ake, malo ake pa bwalo la mpira, kapena munthu woseka naye. Ndipo munthu amene akungokhala yekha tsiku ndi tsiku, wopanda chomudzutsa m'mawa, amayamba kudzifunsa kuti mankhwalawo akumweranji. Ambiri amene amabwereranso kuchipatala, ulendo wawo umayambira pamenepo.

Ndikuuzeni zimene ndinaona kwathu. Panali mnyamata wina telala, waluso ndithu, amene ankasokera pakhonde la golosale. Anadwala, anagonekedwa, anabwerako. Makina ake anawaphimba ndi chitenje m'nyumba. Iye ankangokhala pa mpando kuseri, kumene odutsa sangamuone, thupi litalemera, manja akunjenjemera, nthawi zina dovu likutsika iye osadziwa. Mnzake wina wa kabaza anayamba kumabwera Lachitatu lililonse madzulo, bawo atalimanga pa kaliyala. Masabata oyambirira kunalibe zokamba. Ankangoyala bawo pansi n'kuika nkhomo m'maenje. Telala uja akatapa nkhomo, zina zinkagwera m'dothi chifukwa cha kunjenjemera kuja. Wa kabaza sankamutolera ndipo sankanenapo kanthu. Ankadikira mnzakeyo atole yekha, kenako n'kuti, "Sewerani amwene, dzuwa likulowa." Sankamulekereranso kuti apambane. Akamudya, ankamudya ndithu.

Itapita miyezi, tsiku lina anabwera ndi thalauza yong'ambika pa bondo. "Amwene, iyi mundikonzere pofika Lachitatu." Mayi a telala uja anafuna kuletsa. "Mwanangu, mnzakoyu sanalimbe." Iye anagwira m'manja n'kuyankha kuti, "Mayi, ine telala wina ndilibe." Lachitatu anaipeza itasokedwa, koma msoko utakhota. Anamuuza mosabisa kuti wakhota, anakangana pang'ono za mtengo, n'kulipira. Mkangano umenewo ndinaumva ndi makutu anga, ndipo unandisangalatsa mtima. Chibwerereni kuchipatala, aka kanali koyamba kuti munthu alankhule naye ngati mmisiri amene angalakwitse n'kukonza, osati wodwala wofunika kumunyengerera. Pambuyo pake makina aja anabwerera pakhonde la golosale. Sindikuti anachiriratu tsiku limenelo. Chaka chotsatira matenda anayambanso, ndipo amene anayamba kuzindikira anali wa kabaza yemweyo, poona kuti mnzake sakugona ndipo akulankhula zosagwirizana. Anamukweza pa njinga zinthu zisanafike poipa, moti ulendo umenewo sanagonekedwe n'komwe.

Mnyamata wa kabazayo sanapite patali ndi sukulu, ndipo analibe ndalama zoti n'kupatsa munthu. Chimene anali nacho ndi Lachitatu, ndipo sankaliphonya.

Anthu a kutali anazindikira zomwezi n'kuziika m'dongosolo. Mu 1973, mu mzinda wa Rochester ku America, munayamba ntchito imene lero imadziwika ndi dzina lakuti Compeer. Amatenga munthu wodzipereka n'kumulumikiza ndi munthu mmodzi amene akulandira chithandizo cha matenda a maganizo, poona zimene awiriwo amakonda. Chimene amapempha n'chochepa: maola 4 pa mwezi, koma kwa chaka chathunthu. Awiriwo amakamwa tiyi, amakayenda, amakaonera masewera. Muyeso umenewo ndi wanzeru. Munthu amene anthu ambiri anamuthawa safuna kwenikweni mlendo wobwera ndi thumba lodzaza kamodzi kokha. Amafuna woti akanena kuti ndibwera, abweredi.

Kwa anansi athu ku Zimbabwe kuli chitsanzo chimene chimandikhudza kwambiri. Dokotala wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda, anali ndi wodwala wake, mtsikana wa ku Mutare. Mu 2005 mtsikanayo anadzipha. Dokotala atafunsa chifukwa chimene sanabwere naye ku Harare pamene zinthu zinayamba kuvuta, mayi ake anayankha kuti analibe madola 15 okwerera basi. Chibanda anaona kuti chithandizo chopezeka mumzinda waukulu mokha sichingapulumutse anthu. Mu 2006 anayamba ndi agogo aakazi 14 ku Mbare. Anawaphunzitsa kumvetsera ndi kuthandiza munthu kusanthula mavuto ake, n'kuwakhazika pa benchi yathabwa panja pa kiliniki. Ntchitoyi imatchedwa Friendship Bench. Agogowo sapereka mankhwala ndipo sauza munthu chochita. Amamulola afotokoze zonse, amamuthandiza kusankha vuto limodzi loti ayambe nalo, amagwirizana choti achite sabata imeneyo, n'kudzakumananso, mpaka ka 6. Kafukufuku amene anatuluka mu 2016, wa anthu 573 m'makiliniki 24 a ku Harare, anapeza kuti patatha miyezi 6, mwa anthu 100 alionse amene anakhala pa benchi, pafupifupi 14 okha ndi amene anali akadali ndi zizindikiro za matenda a kukhumudwa, pamene mwa olandira chithandizo cha masiku onse anali pafupifupi 50. Njirayi inafikanso kuno kwathu. Koma muzindikire chinthu chimodzi: benchiyo ndi ya ovutika ndi nkhawa ndi kukhumudwa, ndipo amene matenda awo akula agogowo amawatumiza kwa anamwino. Amadziwa pamene pathera mphamvu zawo. Inunso mudziwe.

Musanene kuti izi ndi za maiko ena. Inu munakula ma ARV alipo kale, koma ife tinaona zaka za m'ma 1990, pamene edzi inkatha anthu ndipo mabanja ankabisa odwala m'zipinda. Amene anayamba kuthetsa manyaziwo anali anthu wamba: amayi odzipereka oyenda khomo ndi khomo kukasambitsa odwala, ndi anthu amene ali ndi kachilombo amene anaimirira poyera n'kupanga magulu, monga a NAPHAM amene anayamba mu 1993. Boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, woyamba mankhwala ankapemphedwa kubwera ndi gadiyani womukumbutsa kumwa. Lero munthu amakatenga mankhwala ake m'mawa, masana ali kumunda. Luso limenelo ndi lathu, tinaliphunzira ndi misozi, koma pa matenda a maganizo sitinaligwiritse ntchito mokwanira. Bungwe la MeHUCA limasonkhanitsa amene anadwalapo pamodzi ndi owasamalira kuti azilimbikitsana, koma bungwe limodzi silingafike pakhomo lililonse.

Tsono mukaganiza zopita, pitani chonchi. Yambani mwaonana ndi a pakhomopo, mupereke moni, munene kuti mwabwera kudzacheza ndi mnzanu. Mumuitane dzina lake lomwe munkamuitana kale. Musalonjeze zambiri. Ola limodzi pa sabata limene mungalikwanitse liposa malonjezo a tsiku lililonse amene atha pakangodutsa masabata awiri, chifukwa mukasiya mwadzidzidzi iye adzati mwaona china chake pa iye n'kuthawa, monga anachitira ena. Tsiku limene mwalephera, tumizani uthenga. Ndipo musaope kukhala chete. Ambiri amalephera kupita chifukwa choti sadziwa chokanena. Palibe chofunika kunena. Tengani chochita: mukatsirire limodzi kudimba, mukonole chimanga, mumvetsere mpira pa wailesi, muyende kukafika kumsika n'kubwerako. Nkhani zimabwera zokha manja akakhala pa ntchito. Akafuna kukamba za kuchipatala, mvetserani. Akapanda kufuna, musamufufuze.

Zimene wakuuzani zikhale zanu. Ndikunena izi mwamphamvu chifukwa cha mafoni amene muli nawo m'manjamo. Ndaona anthu akujambula munthu wodwala ali pamsewu, zovala zitang'ambika, n'kumuponya pa Facebook ndi pa WhatsApp kuti anzawo aseke. Munthuyo adzachira, koma kanemayo sadzachoka. Adzamupeza pofunsira ntchito, adzamupezanso pofunsira banja. Ngakhale chithunzi chosonyeza kuti mwakamuzonda, chimene mukuti n'chabwino, musachiponye iye asanalole. Simunapite kukadzionetsa.

Pa nkhani ya mankhwala ndiye muchenjere kwambiri. Ena mwa mankhwalawa, monga chlorpromazine ndi haloperidol, amatha kugonetsa, kuumitsa thupi, kunjenjemeretsa manja ndi kuchedwetsa mayendedwe. Anthu osadziwa akaona zimenezi amati matenda akukula, kapena amati mankhwala akumupha. Inu musaseke ndipo musamuuze kuti asiye. Muperekezeni akafotokoze kwa namwino, chifukwa angathe kusintha mlingo, kusintha mtundu, kapena kumupatsa ena ochepetsa kuumako. Kusiya mwadzidzidzi ndiko kumabweretsanso matenda. Padzabwera anthu onena kuti izi n'za kulodzedwa, ena onena kuti akataye mapiritsi asonyeze chikhulupiriro. Ine ndine munthu wopemphera, ndipo ndikuti pempherani naye ngati iye akufuna. Koma aliyense wouza wodwala kuti ataye mankhwala, kaya wavala zotani, mumukanize mwaulemu koma osasunthika. Ndipo ngati ubwenzi wanu kale unali wa pa mowa ndi chamba, mupezereni poyambira pena. Chamba chimadzutsa matendawa mwa anthu ambiri, ndipo mowa sugwirizana ndi mankhwala ake. Simungamuthandize mukumuitanira kumene anagwera.

Mukakhala naye pafupi mudzayamba kudziwa zizindikiro zake. Kusagona masiku angapo, kusiya kusamba ndi kudya, kudzitsekera m'nyumba, kukayikira anthu amene ankawakhulupirira, kulankhula mosalekeza: mukaona zotere uzani achibale ndi mlangizi wa zaumoyo, mupite naye kuchipatala msanga. Akakwiya musalimbane naye ndipo musasonkhanitse gulu lomuzungulira. Lankhulani motsitsa, mupatseni mpata, itanani munthu amene iye amamumvera. Kumenya ndi kumanga ndi zingwe pa mtengo sikunachiritsepo munthu. Kumangomusiyira zipsera ndi mantha oopa abale ake omwe. Dziwaninso kuti ambiri mwa odwalawa sachitira munthu aliyense nkhanza. Kawirikawiri iwo ndi amene amamenyedwa, kuberedwa ndi kugendedwa.

Pali funso limodzi limene anthu amaliopa, koma muyenera kulimba mtima kulifunsa. Mnzanu akayamba kunena kuti watopa ndi moyo, kuti ndi mtolo kwa abale, kapena akayamba kugawa zinthu zake, mufunseni mosazungulira kuti, "Kodi ukuganiza zodzipha?" Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu. Ambiri amapepukidwa kuti pali wina amene wafunsa. Akavomera, musamudzudzule, musamulalikire, ndipo musamusiye yekha. Ichi chokha ndicho chinsinsi chimene simuyenera kusunga. Uzani wachibale wodalirika, chotsani pakhomopo tameki, mankhwala ophera tizilombo a kumunda ndi a m'nkhokwe, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Anyamata azonde anyamata, atsikana azonde atsikana. Mtsikana amene akuchira ali pa chiopsezo cha amuna opanda chisoni, ndipo mwamuna wopezerapo mwayi pa kudwala kwake wachita choipa chachikulu. Inu atsikana, mukumbukirenso anzanu amene angobereka kumene. Ena amagwa m'kukhumudwa kwakukulu, ena mutu umasokonekera m'masabata oyambirira atabereka. Si ulesi kapena kudana ndi mwana. Ndi matenda, ndipo amachizika. Kumunyamulira mwana kwa ola limodzi kuti agone ndi thandizo lenileni.

Musaiwale amene akusamalira wodwalayo. Kawirikawiri amakhala mayi kapena mlongo, amene wagulitsa mbuzi kuti apeze thiransipoti, wasiya geni yake, ndipo anzake nawonso anamutalikira. Mukakhala ndi mwana wawo, iwo amapeza mpata wopita kuchigayo kapena kutchalitchi mtima uli m'malo. Muwafunsenso iwowo kuti adzuka bwanji.

Sindikunamizeni kuti n'zophweka. Tsiku lina mudzafika iye n'kukana kutuluka. Tsiku lina adzakunenani zinthu zimene simunachite. Mwina adzakupemphani ndalama mobwerezabwereza, ndipo muyenera kuphunzira kukana popanda kumutaya. Mwina adzadwalanso pamene munkati zonse zili bwino, inu n'kumva ngati mwagwira ntchito pachabe. Simunagwire pachabe, matendawa kwa ena amabwera n'kupita, monga amachitira a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi. N'chifukwa chake musachite nokha. Mutu umodzi susenza denga. Mukhale awiri kapena atatu, muzisinthana, muzikambirana zimene zakulemerani, ndipo mukhale ndi wamkulu mmodzi womuuza zikavuta.

Koma cholinga chenicheni si chakuti mnzanuyo azikhala kuseri kwa nyumba n'kumadikira inu mpaka kalekale. Cholinga n'chakuti abwerere pakati pa anthu, ndipo apa ndi pamene mudzi wonse umayesedwa. Kodi kwaya imulola aimbenso? Ku banki m'khonde amulola asunge ndi kubwereka monga wina aliyense? Pa maliro, adzukulu amupatsa khasu, kapena amuuza kuti akhale apo apumule? Wolemba ganyu amutenga, n'kumulipira mofanana ndi ena? Pa msonkhano wa kwa amfumu akakweza dzanja, anthu amvetsera kapena ayamba kutsinana? Makolo anati wamisala anaona nkhondo. Ankadziwa kuti munthu amene mudzi wamupeputsa atha kuona choona chimene ena sanachione. Nanga kuli bwanji amene wachira, akumwa mankhwala ake, ndipo akungofuna mpata? Inu amene mwakhala naye pafupi ndinu mboni zake. Mukamva ena akumunena, yankhulani. Mukapita ku gulu, pitani naye, mukhale naye pafupi, kufikira anthu atazolowera kumuona.

Chaka chilichonse pa 10 Okutobala dziko lonse limakumbukira za umoyo wa maganizo, ndipo kumakhala maulendo apamsewu ndi zolankhulalankhula. Zimenezo n'zabwino, koma musadikire tsikulo, musadikirenso bungwe lodzakupatsani malaya ndi alawansi. Aliyense wa inu pamene akuwerenga izi ali ndi dzina limene lamubwerera m'mutu. Ameneyo ndiye ndikunena. Pitani sabata ino, mukafunse tsiku limene akuyenera kupita kukiliniki, mumuperekeze, ndipo potsanzikana mumuuze tsiku limene mubwerenso.